Kodi 6 uja wapita kuti? Za ma polynomial ndi factorisation

Chaka changa chachiwiri pa ntchito ya uphunzitsi, Loweruka lina masana, ndinakhala pakhonde ndi mulu wa mapepala a mayeso a Fomu 2, bolopeni yofiira ili m'manja. Funso lachitatu linali lofewa, kapena tinene kuti ine ndinkaliona lofewa: chotsani mabulaketi mu (x + 3)². Pepala loyamba yankho linali x² + 9. Ndinathetha. Lachiwiri, x² + 9. Lachitatu chimodzimodzi. Pofika pakati pa muluwo dzanja linali litatopa ndi kuthetha, ndipo chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ngakhale mtsikana yemwe ankatsogola m'kalasimo analemba zomwezo.

Poyamba ndinati basi, awa awonerana. Koma awonerana bwanji anthu okhala ngodya zosiyana, ine ndili chilili pakhomo? Zoona zake n'zakuti wolakwa ndinali ine. Teremu yonse ndinkawaimbitsa malamulo ngati kwaya, iwo n'kumavomera bwinobwino, koma panalibe tsiku limene ndinawaonetsa kumene malamulowo achokera. Munthu akaloweza chinthu chimene sakuchimvetsa, tsiku la mayeso mutu umadzipangira lamulo lake looneka ngati lanzeru: "2 ali pamwambayu apite kwa x, apitenso kwa 3, nkhani yatha."

Ngati inunso munalembapo x² + 9, musachite manyazi. Tengani kope ndi pensulo, tichitire limodzi zomwe tinachita Lolemba lotsatira.

Ndinalemba mayankho awiri pabolodi osanena kuti lolondola ndi liti, kenako ndinati tiyese kuika nambala m'malo mwa x. Tikaika 1, (1 + 3)² ndi 4 × 4, yomwe ndi 16. Koma x² + 9 akutipatsa 1 + 9, yomwe ndi 10. Pasowa 6. Tikaika 2, mbali ina 25, mbali ina 13, pasowa 12. Tikaika 10, mbali ina 169, mbali ina 109, pasowa 60. Mnyamata wina wakumbuyo anakweza mkono n'kuti, "Madamu, chikusowacho ndi 6 kuchulukitsa ndi nambala imene taikayo." Analondola. Chikusowa ndi 6x. Koma 6x ameneyu akuchokera kuti, popeza mu funsolo mulibe 6?

Tinatuluka panja. Ndinatenga kamtengo n'kujambula pansi munda wofanana mbali zonse zinayi, uja timati sikweya. Mbali iliyonse ndinaigawa pawiri: gawo lalitali ndinalitcha x, lalifupi 3. Kenako ndinadula mizere iwiri, wina chopingasa wina chotsika, kuchokera pamene pathera x. Jambulani nanunso. Muona kuti mundawo wagawika panayi. Pali sikweya wamkulu, x mbali iyi x mbali iyo, kukula kwake x². Pakona pali kasikweya kakang'ono, 3 mbali iyi 3 mbali iyo, kukula kwake 9. Ndiye palinso timinda tiwiri tatitali, kamodzi m'mbali kena m'munsi, kalikonse x mulitali 3 mulifupi, kutanthauza 3x kalikonse. 3x ndi 3x mnzake, 6x uja ndi ameneyu.

(x + 3)² = x² + 6x + 9

Wolemba x² + 9 walima zigawo ziwiri zokha, zina ziwiri wazisiya thengo.

Dzina loopsa, chinthu chozolowereka

Zinthu ngati x² + 6x + 9 zimatchedwa ma polynomial. Dzinali lisakuopseni. Polynomial ndi nambala ndi zilembo zolumikizidwa pophatikiza, pochotsera ndi pochulukitsa basi. Kachidutswa kalikonse kolekanitsidwa ndi pulasi kapena mayinasi ndi term: apa ma term alipo atatu, x², 6x ndi 9. Nambala yoima kutsogolo kwa chilembo, ngati 6 mu 6x, ndi coefficient. Power yaikulu kuposa zonse ndiyo degree ya polynomial, ndipo degree ikakhala 2 timati quadratic, liwu lochokera ku Chilatini lotanthauza sikweya. Mwaona, munda uja uli kale m'dzina momwemo. Chilembo chikapita pansi pa mzere wogawira ngati 1/x, kapena chikalowa mu square root, chimenecho si polynomial.

Pano ndiulule cholakwa changa china. Ndinkakonda kunena kuti mu 3m + 2n, m ndi mango ndipo n ndi nthochi, n'chifukwa chake sungaziphatikize. Zinkamveka bwino mpaka tsiku limene wina anandifunsa kuti, "Nanga m × n ndi chiyani Madamu, juwisi?" Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ine yankho ndinalibe. Chilembo mu algebra si chipatso ayi, ndi nambala imene sitinaidziwe kapena imene ingasinthe. Ngati m ndi mtengo wa bango limodzi ndipo n ndi mtengo wa nthochi imodzi, 3m + 2n ndi ndalama zomwe musiye pamsika. Mukagwira mfundo imeneyi, muli ndi chida chachikulu m'manja: nthawi ina iliyonse mukakayika, ikani nambala m'malo mwa chilembo muone ngati zikugwirizana.

Nambala imene ndimaikonda ine ndi 10, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Taonani 347. Ndi mahandiredi atatu, mateni anayi ndi 7, kapena kuti 3 × 10² + 4 × 10 + 7. Chotsani 10 muikepo x, mupeza 3x² + 4x + 7. Ndiye kuti ma polynomial munayamba kucheza nawo kalekale ku pulayimale, kungoti x wanu nthawi zonse anali 10. Apa mpamene zimaonekeranso kuti 3x² + 4x sangakhale 7x³. Mahandiredi atatu ndi mateni anayi ndi 340, osati 7000.

Tsopano chulukitsani 12 ndi 13 mwanjira iyi:

(10 + 2)(10 + 3) = 100 + 30 + 20 + 6 = 156

Chilichonse cha m'bulaketi loyamba chapatsa moni chilichonse cha m'bulaketi lachiwiri, ngati mabanja awiri akumana pachinkhoswe. Awiri uku, awiri uko, moni anayi. Bwezeranipo x:

(x + 2)(x + 3) = x² + 3x + 2x + 6 = x² + 5x + 6

Onani ma coefficient: 1, 5, 6. Onani yankho lija: 156. Si mwangozi. Nthawi zina manambala saonekera poyera chonchi chifukwa cha kusunga kuja timachita pophatikiza. Mwachitsanzo (x + 4)(x + 7) = x² + 11x + 28, ndipo 14 × 17 ndi 238, yomwe ndi 100 + 110 + 28. Zikugwirizanabe.

Chenjezo laling'ono: poyesa yankho musadalire 1 yekha, chifukwa x akakhala 1, x² ndi x amafanana ndipo cholakwa chingabisale. 2 nayenso ali ndi vuto lake, pakuti 2² ndi 2 × 2 komanso 2 + 2, zonse 4. Ikani 10 kapena 3. Nambala imodzi si umboni wathunthu wakuti mwakhoza, koma zolakwa zambiri imazigwira.

Kubwerera m'mbuyo

Factorisation ndi ulendo womwewu koma chobwerera. Kuchotsa mabulaketi kuli ngati kupatsidwa mulitali ndi mulifupi wa munda n'kufunsidwa kukula kwake. Factorisation ndi kupatsidwa kukula kwa munda n'kufunsidwa mulitali ndi mulifupi. Ulendo wobwererawu ndi wovutirapo, ndipo palibe chifukwa chonamizana. Aliyense angapeze kuti 12 × 13 ndi 156, koma kupatsidwa 156 kuti upeze 12 ndi 13 kumafuna kufufuza.

Sabata yotsatira ndinapempha katoni yakale ya sopo kugolosale, tinaidula tizidutswa ta mitundu itatu: sikweya wamkulu woimira x², timizere tatitali toimira x, ndi timasikweya ting'onoting'ono toimira 1. Kamzere kalikonse kutalika kwake kufanane ndi mbali ya sikweya wamkulu, ndipo mulifupi mwake mufanane ndi mbali ya kasikweya kakang'ono. Mukhoza kupanga zanu kunyumba, lumo ndi katoni basi. Gulu lililonse ndinalipatsa wamkulu mmodzi, timizere tisanu ndi ting'onoting'ono tisanu n'kamodzi, kutanthauza x² + 5x + 6, n'kuwauza kuti ayale zonse zipange rectangle, pasatsale kanthu, pasakhalenso bowo.

Gulu lina linaika timizere tinayi m'mbali mwa wamkulu uja, kamodzi m'munsi. Pakona panatsala malo a ting'onoting'ono 4 × 1, tinayi tokha, tiwiri n'kutsala m'manja. Anakangana pang'ono, wina akuti Madamu apereka zochuluka. Kenako anasuntha kamzere kamodzi: titatu m'mbali, tiwiri m'munsi. Pakona panatseguka malo a 3 × 2, ndipo ting'onoting'ono tonse tisanu n'kamodzi tinalowa ndendende. Mulitali x + 3, mulifupi x + 2.

Lamulo lija mumaimba lakuti "pezani manambala awiri amene mukawachulukitsa akupatsa 6, mukawaphatikiza akupatsa 5" lachokera pamenepa. Timizere tisanu tiyenera kugawidwa mbali ziwiri, ndiko kuphatikizako. Pakona payenera kudzaza, ndiko kuchulukitsako. M'zilembo timalemba kuti (x + a)(x + b) = x² + (a + b)x + ab.

Langizo langa: yambani ndi kuchulukitsa, osati kuphatikiza. Manambala ophatikiza kupereka 5 ndi osawerengeka mukalowetsamo a mayinasi, koma ochulukitsa kupereka 6 ndi ochepa: 1 ndi 6, 2 ndi 3, ndi anzawo a mayinasi. Alembeni pambali, musankhepo.

Mayinasi ndi amene amagwetsa anthu ambiri, ndiye tiyeni tichedwepo pang'ono. Yang'anani kaye chizindikiro cha nambala yomaliza. Ikakhala ya pulasi, manambala anu awiri ali ndi chizindikiro chofanana, ndipo term yapakati ikuuzani kuti ndi chiti. Mu x² − 7x + 12, onse awiri ndi a mayinasi: −3 ndi −4, ndiye yankho ndi (x − 3)(x − 4). Yesani ndi 10: 100 − 70 + 12 ndi 42, ndipo 7 × 6 ndi 42. Nambala yomaliza ikakhala ya mayinasi, mmodzi ndi wa pulasi wina wa mayinasi, ndipo mukufuna awiri amene kusiyana kwawo ndi nambala yapakati ija. Mu x² − x − 12, awiri osiyana ndi 1 ndi 3 ndi 4. Funso n'lakuti mayinasi apite kwa ndani. Popeza pakati pali −x, ngongole yaposa ndalama za m'thumba, ndiye wamkuluyo ndiye atenge mayinasi: (x − 4)(x + 3). Yesani: 100 − 10 − 12 ndi 78, ndipo 6 × 13 ndi 78. Mukanasemphanitsa n'kulemba (x + 4)(x − 3), mukanapeza 14 × 7, yomwe ndi 98, ndipo mukanadziwa pompo kuti china chake chalakwika. Masekondi khumi okha, malikisi apulumuka.

Musanayambe kusaka manambala awiri aja, yang'anani ngati ma term onse ali ndi chinthu chofanana choti chituluke panja. 3x² + 15x + 18 amaoneka woopsa, koma 3 akulowa mwa onse: 3(x² + 5x + 6), ndipo wam'katiyo ndi mnzathu wakale uja, ndiye 3(x + 2)(x + 3). Samalani ndi 5x² + 5x. Yankho ndi 5x(x + 1). Ambiri amaiwala 1 ameneyu poganiza kuti 5x akatuluka palibe chotsala. Chotsala chilipo, chifukwa 5x kugawa ndi 5x ndi 1, osati ziro.

Nanga kutsogolo kwa x² kukakhala nambala yokana kutuluka, ngati mu 2x² + 7x + 3? Apa ndi pamene oloweza amasokonezeka, chifukwa palibe manambala athunthu ochulukitsa kupereka 3 n'kuphatikiza kupereka 7. Njira yake ndi iyi. Chulukitsani nambala yoyamba ndi yomaliza: 2 × 3 ndi 6. Sakani awiri ochulukitsa kupereka 6, ophatikiza kupereka 7. Ndi 6 ndi 1. Manambala amenewa salowa m'mabulaketi mwachindunji ayi, ntchito yawo ndi kung'amba term yapakati:

2x² + 6x + x + 3

Tengani awiriawiri. Mwa awiri oyamba mutuluka 2x, mwa awiri omaliza mutuluka 1:

2x(x + 3) + 1(x + 3)

Bulaketi la (x + 3) laoneka kawiri, ndiye nalonso lituluke:

(x + 3)(2x + 1)

Ndi makatoni aja, mukanakhala ndi masikweya aakulu awiri ogundana, timizere tisanu n'kamodzi mbali ina, kamodzi mbali inayo. Yesani ndi 10: 273 mbali imodzi, 13 × 21 mbali inayo. 273. Mabulaketi awiri aja akapanda kufanana, bwererani, mwaphonya chizindikiro penapake.

Pali mtundu wina umene ndimaukonda kuposa yonse, uja mabuku amati difference of two squares. Tengani pepala la sikweya, mbali yake x. Dulani kasikweya pakona, mbali yake 3. Chotsala kukula kwake ndi x² − 9, chooneka ngati chilembo cha L. Dulani mwendo umodzi wa L uja, muutembenuze, muulumikize kumapeto kwa chidutswa chinacho. Mupeza rectangle, mulitali x + 3, mulifupi x − 3. Ndiye x² − 9 = (x + 3)(x − 3). Term yapakati palibe chifukwa 3x ndi −3x adyana. Izi zimathandiza ngakhale opanda calculator. Wina akakufunsani 47 × 53, onani kuti onse atalikirana ndi 50 mofanana: (50 − 3)(50 + 3) ndi 2500 − 9, yomwe ndi 2491. Kayeseni kwa achimwene anu madzulo ano. Koma x² + 9 musamukakamize. Ndi manambala amene mukuphunzira panopa, ameneyu salowa m'mabulaketi.

"Ndiye zimenezi tizitani nazo?"

Funsoli limabwera chaka chilichonse, ndipo ndi funso labwino. Yankho lalifupi n'lakuti zimabwera pa JCE ndi pa MSCE. Koma yankho lenileni lagona pa khalidwe lapadera la ziro. Ndikakuuzani kuti ndachulukitsa manambala awiri n'kupeza 40, simungadziwe kuti ndi ati: mwina 5 ndi 8, mwina 4 ndi 10, mwina 80 ndi theka. Koma ndikati ndapeza ziro, mukudziwa motsimikiza kuti mmodzi mwa awiriwo ndi ziro. Palibe nambala ina yochita zimenezi.

Tinene kuti agogo anu ali ndi dimba la tomato, mulitali mwake muposa mulifupi ndi mamita atatu, ndipo kukula kwake ndi masikweya mita 40. Akufuna kudziwa mbali zake kuti agule waya wotchingira mbuzi. Mulifupi ndi x, mulitali ndi x + 3, ndiye x(x + 3) = 40. Apa ena amathamanga n'kulemba kuti x = 40 kapena x + 3 = 40. Ayi ndithu, 40 alibe mphamvu imeneyo. Sunthani zonse zipite mbali imodzi kuti mbali inayo kutsale ziro: x² + 3x − 40 = 0. Awiri ochulukitsa kupereka 40, osiyana ndi 3, ndi 8 ndi 5. Ndiye (x + 8)(x − 5) = 0. Tsopano ziro agwire ntchito yake: x ndi −8 kapena 5. Dimba la mamita −8 kulibe, ndiye mulifupi ndi 5, mulitali ndi 8, waya wofunika ndi mamita 26.

Ku Physics nakonso muzipeza. Mpira ukamenyedwa kuchokera pansi kulunjika kumwamba pa liwiro la mamita 20 pa sekondi, tikanyalanyaza mphepo n'kutenga mphamvu yokokera pansi ngati 10 m'malo mwa 9.8, kutalika kwake pakatha masekondi t ndi 20t − 5t². Ugwa liti? Tulutsani chofanana: 5t(4 − t). Kutalika ndi ziro pamene t ndi 0, nthawi imene ukumenyedwa, komanso pamene t ndi 4, nthawi imene ukugwa. Pakatikati pa ziwirizi, pa sekondi yachiwiri, mpamene uli pamwamba penipeni: 5 × 2 × 2, mamita 20. Polynomial yomweyo, koma italowa m'mabulaketi yaulula zimene inabisa.

Chitsanzo cha mpirachi chikutichenjezanso za msampha wina. Mukapatsidwa x² = 5x, mtima umafuna kugawa mbali zonse ndi x n'kupeza x = 5. Mwataya yankho limodzi. Lembani x² − 5x = 0, kenako x(x − 5) = 0, mupeza 0 ndi 5. Kugawa ndi x kuli ngati kulumbira kuti x si ziro, pamene simunafufuze.

Msampha womaliza ndi wa ma fraction. Ndaonapo kambirimbiri munthu atapatsidwa (x + 6)/(x + 2) akukhwatcha x pamwamba ndi pansi n'kulemba 3. Ikani x = 2: pamwamba 8, pansi 4, yankho 2, osati 3. Chololedwa kukhwatcha ndi factor, chinthu chochulukitsa zonse za pamwamba ndi zonse za pansi, osati term yongophatikizidwa. N'chifukwa chake timayamba ndi factorisation. (x² + 5x + 6)/(x + 2) amasanduka (x + 2)(x + 3)/(x + 2), ndipo apa mpomwe mungakhwatche bulaketi lonse n'kutsala ndi x + 3, bola x asakhale −2, pakuti kugawa ndi ziro sikutheka. Ndi 156 kugawa ndi 12 uja, yankho 13.

Munthu wa ku Baghdad ndi kona yosowa

Kujambula minda pansi kuja si nzeru zanga. Anthu a ku Babylon ankathetsa kale mafunso a mulitali ndi mulifupi ngati a dimba aja zaka pafupifupi 4000 zapitazo, akulemba pa mapale adothi. Cha m'ma 820, katswiri wina wotchedwa Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, yemwe ankagwira ntchito ku Baghdad, analemba buku la njira zothetsera mafunso otere, momwe munalinso nkhani za kuyeza malo ndi kugawa chuma cha masiye. Liwu lakuti al-jabr la m'dzina la bukulo ndi limene linabala liwu lakuti algebra, ndipo dzina la mwini wakeyo ndi limene linabala liwu lakuti algorithm, lija mumalimva pa nkhani za makompyuta. M'buku lonselo munalibe x ngakhale mmodzi. Zonse ankalemba m'mawu ndi zojambula. Chizolowezi chogwiritsa ntchito x, y ndi z pa nambala zosadziwika chinafala pambuyo pa buku la René Descartes la mu 1637.

Funso lake lotchuka, tikalilemba mwamakono, ndi x² + 10x = 39. Njira imodzi imene anaonetsa ndi iyi. Jambulani sikweya wa x. Gawani 10x pawiri, 5x m'mbali, 5x m'munsi. Zimene mwajambulazi kukula kwake ndi 39, koma pakona pali bowo la 5 × 5. Tsekani bowolo powonjezera 25. Tsopano muli ndi sikweya wathunthu wa 39 + 25, yomwe ndi 64, ndiye mbali yake ndi 8. Mbaliyo ndi x + 5, choncho x ndi 3. Yesani: 9 + 30 ndi 39.

Ndi munda womwe uja tinajambula panja pa kalasi. Ophunzira anga anali ndi kona koma anaiwala timinda tam'mbali, al-Khwarizmi anali ndi timinda tam'mbali n'kuwonjezera kona. Iye anaima pa 3, chifukwa mayankho a mayinasi sankawawerengera. Inu mukhoza kumupitirira: x² + 10x − 39 = (x − 3)(x + 13), ndiye −13 nayenso ndi yankho. 169 − 130 ndi 39.

Njira yotseka konayi ndi imene mabuku anu amati completing the square, ndipo ndi yomwe imapulumutsa pamene manambala awiri aja akana kupezeka. x² + 5x + 3 ndi chitsanzo: 1 ndi 3 akupatsa 4, −1 ndi −3 akupatsa −4, ena kulibe. Mukafika potere musathe mphindi khumi mukufufuta pepala mpaka kubooka. Sikuti mutu wanu wauma, ma quadratic ena salowa m'mabulaketi a manambala athunthu. Quadratic formula imene mudzaiimbe m'makalasi akutsogolo ndi kutseka kona komweku, kungoti kwachitidwa kamodzi ndi zilembo kuti kugwire pa funso lililonse.

Nazi zoti muyese. Mayankho sindikupatsani, 10 akuuzani yekha ngati mwakhoza. Limodzi mwa asanu ndi limodzi oyambawa silitheka, ndaliikamo dala.

1. x² + 9x + 20
2. x² − 2x − 15
3. 4x² − 25
4. 3x² + 10x + 8
5. x² + 4x + 6
6. 2x² − 18

Mukatha, pezani 68 × 72 osalemba pansi. Kenako tulukani panja ndi kamtengo, mujambule x² + 6x = 40 mwanjira ya al-Khwarizmi, muone kuti pakona pakusowa chiyani ndipo x ndi zingati. Yankho lachiwiri, lija la mayinasi, pansipo silioneka. Limenelo mulipeze ndi mabulaketi.